Mafuta Amene Mzungu Anasiya

Kalata ya Lyford inafika Lachinayi. Tamanda anaipeza pansi pa chitseko pochokera kumsika wa Kapata, yopindidwa kanayi, fumbi litaikwera kale. Anaiwerenga ali chiimire, thumba la tomato likadali m'manja.

"Amama avomera kukuona. Lamlungu likubwerali ku Madzimoyo. Mapemphero akatha tikadyera kunyumba, ndiye uvale zazitali. Chonde usadzole kanthu kunkhope."

Mizere yoyambayo anali ataidikira zaka ziwiri. Wotsirizawo ndi umene unamukhazika pamphasa, kumuimiritsa, n'kumukhazikanso. Usadzole kanthu. Kanthu kake kati? Chibadwire Tamanda anali asanadzolepo china koposa vaselini, ndipo vaseliniyonso ankagawana ndi msuweni wake Yosefina amene ankakhala naye m'kachipinda kamodzi ka lendi.

Vuto la mtsikanayu linali loti anabadwa woyera. Osati ngati mzungu ayi, koma kuyera kuja kumene anthu amacheuka nako pamsewu, kumene agogo ake aakazi a ku Kasenengwa anapita nako kumanda ngakhale moyo wawo wonse anathera m'munda wa thonje. Kumudzi palibe ankadabwa nazo. Koma m'tauni ya Chipata zaka zimenezo mafuta oyeretsa khungu anali mbwee m'masitolo ndi m'zikwama za azimayi ochokera ku Lusaka, moti mtsikana aliyense woyera ankayenda ndi mlandu umene sanapalamule.

Lyford Daka, kalaliki wa ku boma, anamuona koyamba onse awiri atabisala mvula pakhonde la positi ofesi, ndipo kuyambira tsikulo njinga yake inaiwala njira zina zonse kupatula ya ku Kapata. Bambo ake anali atamwalira kale, choncho mawu onse pabanjapo anali ndi amayi ake, amayi Esnat, mphunzitsi wopuma ntchito komanso mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano kutchalitchi kwawo. Zoti mtsikanayo ndi Mkatolika, amayiwo anati akuluakulu adzakambirana. Zoti analekeza giredi naini, anati si mlandu. Koma atamuona kamodzi chapatali pa siteshoni ya mabasi, anapukusa mutu n'kunena kuti mwana wa mlimi wa thonje sangayere choncho popanda botolo. Anali ndi chifukwa chawo. Mwana wawo woyamba, Jonah, anakwatira mkazi wodziyeretsa ku Lusaka, ndipo mkaziyo anamusiyira ana awiri n'kuthawa ndi woyendetsa malole. Kuchokera pamenepo, kwa amayi Esnat nkhope yoyera ndi mtima woipa zinali chinthu chimodzi.

* * *

Lachisanu ataweruka Lyford anabwera monga mwa nthawi zonse n'kutsamiritsa njinga pamtengo wa mango. Tamanda sanamulandire ndi kapu ya madzi tsikuli. Anamulandira ndi kalata.

"A Lyford, mzere wotsirizawu mumatanthauza chiyani?"

Lyford anayamba kuzungulira. Anati anangolemba zimene amayi ake ananena, kuti iyenso akuwadziwa amayi akale mmene alili, kuti akangocheza naye ola limodzi adzamukonda ngati mwana wawo. Anali mnyamata wabwino, wa mawu ofewa, koma pankhani ya amayi ake sankalimba mtima, ndipo Tamanda ankadziwa zimenezo ngakhale sankafuna kuziganiza.

"Munawauza kuti ine ndinabadwa chonchi?"

"Ndinawauza," anatero Lyford, uku akupukuta belu la njinga ndi chala chachikulu, belu loti linali lowala kale.

Asanapitirize anatulukira Tamiwe. Uyu anali mwana wa aphunzitsi oyandikana nyumba ndi a Daka ku Madzimoyo, mtsikana wakuda mosalala, wa mawu okweza kwaya yonse, amene amayi Esnat anamusankhira Lyford m'mtima mwawo akadali kusekondale. Ankaphunzira kutaipa m'tauni. Njira yochokera kusukulu yakeyo sinkadutsa ku Kapata m'pang'ono pomwe, koma miyezi imeneyi inkadutsa. Anapereka moni kwa Lyford ndi manja awiri, kenako anamuyang'ana Tamanda kuyambira pamphumi mpaka kuphazi, mosafulumira.

"Asisi, koma mukuwala. Tiuzeniko nafe dzina la sopo wakeyo, tisamangokhala ngati makala."

Anawonjeza kuti Lamlungu akaonana, popeza amama anamupempha kuti akawathandize kuphika, ndipo nkhuku ya alendo akapha ndi iyeyo. Mawu oti amamawo anawatchula ngati anabadwa nawo m'kamwa.

Chimene chinamuwawa Tamanda si mawu a Tamiwe, poti a mtundu umenewo anali atawamva kumsika kambirimbiri. Chinamuwawa ndi kaseko ka Lyford, kaseko kakang'ono ka munthu wofuna kuti asakhumudwitse aliyense. Tamiwe atapita, Lyford anayesa kumugwira dzanja, koma iye anati ali ndi zochapa.

* * *

Loweruka Tamanda analephera kukhala malo amodzi. Anasita bulauzi yoyera, anaipachika, anaitsitsa n'kuisitanso. Anasesa pakhomo kawiri. Atatopa anatenga kagalasi kawo kong'aluka pakona n'kukakhala padzuwa la Okutobala, nkhope chagada, maso atatsinzina, kuti mwina aderako. Patapita theka la ola anangofiira ngati phwetekere, mutu ukugunda.

Yosefina anamupeza ali choncho ndipo anaseka mpaka kugwira khoma. Iyeyu ankachapa ndi kukolopa m'nyumba ya mzungu wina wamkazi ku Kalongwezi, ndipo mzunguyo anali atabwerera kwawo sabata yathayo n'kumusiyira katoni ya zinthu zotsala: nsapato zosamukwana, magazini, ndi timabotolo ta m'bafa. Atamva nkhani yonse, Yosefina analeka kuseka, analowa m'nyumba n'kukoka katoniyo kunsi kwa bedi. Anatulutsa botolo la pulasitiki lofiirira, pachikuto pake pali mkazi wachizungu wagona m'mbali mwa nyanja.

Anafotokoza kuti azungu ali ndi misala yawoyawo. Ife tikufuna kuyera, iwo akufuna kuda. Madamu ake ankati akafuna kupita kuphwando ankadzola mafutawo m'miyendo dzulo lake, ndipo kukamacha miyendo ija, imene inali yoyera ngati chinangwa chosenda, inkasanduka yoderako bwinobwino popanda kuponda padzuwa. Yosefina analumbira kuti anaziona ndi maso ake, osati kamodzi.

"Ndiye ngati amayiwo akudana ndi woyera, ukawapatse wakuda. Ukalowa m'banja, zotsalazo adzazolowera."

Tamanda anayamba wakana. Anati ndi bodza, ndipo iye sakufuna kulowa m'banja la eni ndi bodza. Yosefina anafunsa ngati zoona zake zamuthandiza chiyani zaka ziwirizi. Tamanda anatenga botololo n'kuwerenga Chizungu chake mwa apo ndi apo: ankati apake mopyapyala, asambe m'manja akangomaliza, ndipo adikire maola angapo. Koma angapo ndi angati, sananene momveka, kapena ananena m'mawu amene giredi naini sinawafike.

Mafutawo anali oyera ngati mkaka. Anapaka kunkhope, m'khosi ndi m'mikono, n'kudikira. Ola linatha, galasi linamuonetsa Tamanda yemwe uja. Yosefina anati mafutawo anapangidwira khungu lopyapyala la azungu, la ife likufunika ochuluka. Dzuwa lisanalowe anapakanso kachiwiri, mosaumira.

Kutacha Lamlungu anasamba ndi timadzi totsala m'ndowa, popeza mpopi wa ku Kapata unali utauma kuyambira Lachinayi. Anayang'ana pagalasi. Anali ataderako ndithu, mokongola, ngati mtsikana wina aliyense amene palibe angamufunse dzina la sopo. Apa ndi pamene akanalekera. Koma munthu akaona chinthu chikuyenda amafuna chithamange, ndiye anapaka kachitatu, kochindikala kuposa konse. Madzi osamba m'manja panalibe ngakhale dontho. Anangopukuta ndi kansalu, anavala bulauzi yake yoyera, ndipo awiriwo anathamangira minibasi.

* * *

Ku Madzimoyo anafika belu lachiwiri likulira. Lyford anali pakhomo la tchalitchi atavala jekete ya malemu bambo ake, ndipo atamuona anaima kaye ngati wasokoneza munthu. Anangoti akuoneka mosiyana lero. Tamanda anasankha kumva ngati akumuyamikira.

Polowa, dzanja lake linapita lokha kukafuna madzi odalitsa pambali pa chitseko, n'kupeza khoma. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda asanakumbuke kumene ali, ndipo amayi awiri a Chigwirizano, mu yunifolomu yawo yakuda ndi yoyera, anagwedezana ndi zigongono. Anakhala mbali ya akazi, Yosefina pambali pake. Kutsogolo Tamiwe ankaimba ngati kumwamba kwatseguka chifukwa cha iye.

Malata ankalira ndi kutentha. Abusa anali ndi mfundo zisanu, ndipo pofika pa yachiwiri thukuta linali litayamba kutsika kumaso kwa Tamanda. Analipukuta ndi mpango. Mpangowo unabwerako wofiirira. Kenako anamva kafungo, kafungo ka mtedza wokazinga umene wagonera masiku m'chitini, ndipo anazindikira kuti kakuchokera pa iye yemwe. Mayi amene anali kumanzere kwake anasunthira uko pang'ono.

Pa mfundo yachitatu anayang'ana manja ake. Zikhatho zinali zitasanduka zachikasu chofiira ngati papaya lakupsa. Pa mfundo za zala pamene khungu ndi lokhuthala panali bii, ndipo pakati pa zala panatsala mizere yoyera. Mafuta aja sanali atamaliza ntchito m'mawa muja ayi. Anali akungoyamba kumene, ndipo ankapitiriza pamaso pa Mulungu ndi mpingo wonse.

Anamukodola Yosefina. Yosefina anamuyang'ana kumaso, anatsegula pakamwa, anatsekanso, n'kuyamba kuyang'anitsitsa abusa ngati munthu amene ulaliki wamugwira mtima. Tamanda anamunong'oneza kuti amuuze zoona, nkhope ili bwanji. Yosefina anati ili bwino, bola asatuluke thukuta lina.

Anaganiza zothawa. Msewu wa tala unali pafupi, ndipo akanatha kuima pamenepo mpaka lole ina imumvere chisoni. Koma kuthawa kunali kumupatsa Tamiwe mpando wake ndi manja awiri. Anabisa manja m'chitenje n'kukhala mpaka ameni womaliza.

* * *

Nyumba ya amayi Esnat inali ya njerwa zootcha, yaukhondo wochititsa mantha. Pamipando panali tinsalu toluka, pakhoma chithunzi cha malemu a Daka atagwira choko. Amayi awiri a Chigwirizano aja analinso pomwepo, poti nkhani ngati iyi siisowa mboni. Amayi Esnat anali aatali, owonda, a magalasi a pamphuno, ndipo moni wawo unali waulemu kwambiri moti munthu sukanadziwa poyambira kuwakonda.

M'chipindamo munali kamdima, ndipo Tamanda anadzisankhira malo pansi pakona, kutali ndi zenera. Anayankha mafunso a kwawo, a mfunda wake, a bambo ake ndi amayi ake a Anna, maso ali pansi, manja ali m'chitenje. Zinkaoneka ngati apulumuka. Ndiye Tamiwe analowa ndi mbale za mpunga ndi nkhuku, anabwereranso kukatenga jagi ndi beseni, ndipo m'malo mothirira yekha anagwada n'kuziika patsogolo pa Tamanda.

"Mwambo wake ndi wanu uwu, asisi. Ine ndisakulandeni."

Sananame. Mtsikana wodzaonekera kwa apongozi ndiye amagwada n'kusambitsa akuluakulu m'manja, mmodzimmodzi, ndipo aliyense m'chipindamo ankadziwa zimenezo. Jagi sungaigwire manja ali m'chitenje. Tamanda anayenda chogwada mpaka pamapazi pa amayi Esnat, pamene kuwala kwa pazenera kunkagwera, n'kukweza jagi.

Madzi anathira bwino, sanadonthetse. Amayi Esnat anasamba mosafulumira, anapukuta manja, kenako anagwira dzanja la Tamanda n'kulitembenuza. Zaka makumi atatu anali akuyendera zikhadabo za ana asukulu Lolemba lililonse m'mawa, ndipo kagwiridwe kake kanali komweko. Anayang'ana chikhatho, anayang'ana mfundo za zala, anakweza mkono wa bulauzi n'kuona chigongono chakuda ngati chapsa ndi moto. Pomaliza anamugwira chibwano n'kulozetsa nkhope yake kuzenera. Pamasaya panali zigamba zakuda, ndipo pamene thukuta linadutsa panatsala mizere yoyera yotsikira m'khosi, mpaka pa kolala ya bulauzi imene tsopano inali ya mtundu wa dothi.

"Lyford, bwera udzaone," anatero amayiwo motsitsa mawu. "Zala zakuda, zigongono zakuda, masaya amawangamawanga. Mlamu wako uja ankaoneka chonchi mafuta akamuthera. Uyu wasiya kudzola sabata imodzi yokha kuti adzandipusitse, ndipo khungu lake lenileni layamba kubwerera."

Pa zizindikiro zonse za padziko, mafuta a mzungu aja anamujambula zenizeni zimene amayiwa ankazifunafuna. Tamanda anaika jagi pansi n'kunena zoona zonse: kuti anabadwa woyera, kuti anaopa kukanidwa, kuti anadzola mafuta odetsa khungu amene mzungu anasiya. Yosefina anavomereza kuchokera pakona, akulumbira pa dzina la Maria, zimene m'nyumba imeneyo sizinathandize.

Amayi a Chigwirizano aja anayesa kudzigwira koma analephera. Mafuta odetsa khungu? Wina anafunsa ngati kulinso sopo wothira litsiro pa zovala. Tamiwe anathawira kukhitchini, ndipo kuseka kwake kunkamveka pamwamba pa kulira kwa mapoto. Amayi Esnat okha sanaseke. Anati iwo anagwira ntchito ndi azungu a mishoni moyo wawo wonse ndipo sanaonepo mmodzi akulakalaka kuda. Yosefina atati akhoza kubweretsa botololo kuti aliwerenge okha, amayiwo anati palibe chifukwa.

"Ngakhale botololo lilipodi, mwanawe, ndiye kuti chiyani? Kaya wadzola kuti uyere, kaya wadzola kuti ude, m'nyumba mwanga walowa ndi nkhope ya m'botolo. Ine ndimafuna kuona mwana wa a Anna. Mpaka pano sindinamuone."

Mawu amenewa anamulasa Tamanda kuposa kuseka konse, chifukwa munalibe bodza. Anayang'ana kwa Lyford. Lyford anali ataima pafupi ndi kabati, akutembenuza chipewa m'manja, ndipo chimene anakwanitsa kunena n'chakuti chakudya chikuzizira.

Mwina misozi ya mtsikanayo inawakhudza amayiwo, kapena unali uphunzitsi chabe umene sulola kulephera mwana asanalembe mayeso. Anati pali njira imodzi. Tamanda abwere adzakhale nawo masabata atatu, popanda botolo lililonse, azisamba sopo wa mtanda amene iwo adzamupatse, azigona chipinda chimodzi ndi iwo. Lyford akhale kutauni. Wodziyeretsa akasowa mafuta masabata atatu amada, sizibisika. Akadzatuluka woyera, iwo adzapepesa pamaso pa amayi awiriwa ndipo ankhoswe adzapita ku Kasenengwa. Koma akadzada, kapena akadzapezeka ndi kanthu kodzola, nkhani ithere pomwepo.

"Ndibwera, amama," anatero Tamanda asanaganize n'komwe.

* * *

Sabata imeneyo sanapite kumsika. Ankadzikhula ndi mwala ndi mandimu mpaka khungu kuwawa, ndipo mafuta aja ankachoka mwa apo ndi apo ngati utoto wa nyumba yakale. Lachitatu anafunda chitenje kumutu n'kupita ku Kasenengwa kukapempha chilolezo. Amalume ake, a Bonifasi, anakalipa mpaka nkhuku kubalalika pabwalo. Anati mwana wawo si mbuzi yoti aziisunga m'khola la eni kuti aone ngati ili ndi nthenda, ndipo ngati a Daka akufuna umboni abwere adzaone chithunzi cha agogo ake. Koma amayi ake, a Anna, atamuyang'ana nthawi yaitali, anafunsa funso limodzi lokha, ngati mnyamatayo akumufunadi ndi mtima wonse. Tamanda atati inde, anati apite, khungulo ndi la kwawo ndipo silidzamuchititsa manyazi.

Pobwerera mtima unayamba kukhala m'malo. Ankachita kuseka yekha m'minibasi. Mayeso amenewa anali oti sangalephere ngakhale atafuna: angodya, agone, asambe sopo wa mtanda, ndipo tsiku lililonse azidzuka woyera kuposa dzulo. Ankaganiza nkhope ya Tamiwe pa tsiku la makumi awiri ndi limodzi. Chimodzi chokha chinkamudya. Sabata yonseyo njinga ya Lyford sinaoneke pansi pa mango, ndipo pansi pa chitseko panalibe kalata.

* * *

Loweruka masana anatsika minibasi pa Madzimoyo ndi kachikwama ka zovala zitatu, kolona ndi mswachi. Lyford anali akumudikira pamsewu. Ataona jekete ija chapatali, mkwiyo wonse wa sabata unasungunuka, ndipo anadzida yekha chifukwa chofewa msanga chotero.

Anayenda limodzi kanjira ka pakati pa minda yowuma, Lyford atanyamula chikwama. Anapepesa kuti sanabwere. Anati mutu unali utaima, sankagona, ankangoganiza mmene angamuthandizire. Anati iye Tamiwe samufuna, sanamufunepo, ndipo masabata atatu akatha adzamutenga yekha pa njinga mpaka ku Kasenengwa anthu onse akuona. Tamanda anamuuza kuti asade nkhawa, mayesowa apambana kale.

Nyumba itayamba kuoneka, Lyford anaima kuseri kwa mpanda wa maluwa, anayang'ana uku ndi uku, n'kupisa dzanja m'thumba la jekete. Anatulutsa kanthu kokulungidwa m'nyuzipepala, anakaika m'dzanja la Tamanda n'kumupinditsa zala.

"Ubise bwino. M'chikwama ayi, asecha. Uzipaka pang'onopang'ono ukapita kubafa."

Tamanda anafunyulula pepalalo. Munali kachubu katsopano ka mafuta oyeretsa khungu, aja okwera mtengo amene amakhala m'galasi kuseri kwa kauntala.

Poyamba sanamvetse. Anayang'ana kachubuko, anayang'ana Lyford, ndipo Lyford ankamwetulira ngati munthu amene wabweretsa mankhwala kwa wodwala.

"A Lyford, ichi n'chiyani?"

"Ndinafunsa kusitolo, akuti awa ndiye amphamvu. Masabata atatu ndi ambiri, Tamanda, ungade zenizeni. Ine sindikukuweruza. Ndinadziwa kuyambira tsiku lija pa positi, ndipo ndinakukonda choncho. Nkhani ya mzungu ija unayesetsa, koma kwa ine sukufunika kunama."

Tamanda anafumbata kachubuko. Amayi Esnat anamuona kamodzi chapatali. Tamiwe anali ndi nsanje yake. Koma uyu anakhala naye pansi pa mango zaka ziwiri, anamugwira manja, anamuona atanyowa ndi mvula, atadwala malungo, atangodzuka kumene, ndipo nthawi yonseyo ankayang'ana nkhope yake n'kumaona botolo. Chisoni chimene chinamugwira chinali chachikulu kuposa manyazi a Lamlungu lija.

"Ndiye tsiku lija munati munawauza amama kuti ndinabadwa chonchi..."

"Ndinawauza, ee. Ndikanatani? Ndimakuteteza."

Chitseko cha khonde chinalira. Amayi Esnat anali akutsika masitepe, magalasi pamphuno, mtanda wa sopo m'manja, ndipo kumbuyo kwawo kunali Tamiwe atanyamula mphasa yoti ayalepo katundu wa mlendo. Anali ataona kale mitu iwiri kuseri kwa mpanda. Panalibe nthawi yoponya kanthu m'maluwa, ndipo diresi la Tamanda linalibe thumba.

"Wafika, mwanawe. Wachita bwino kusunga mawu," anatero amayiwo. "Chikwamacho ika apa tione. Ndi icho wafumbata m'dzanjacho, nachonso ubwere nacho."

Tamanda anatembenukira kwa Lyford. Liwu limodzi lokha lochokera kwa iye likanakwanira, loti ndagula ndine, amama. Anadikira. Lyford anaika chikwama pamphasa mosamala, anabwerera m'mbuyo mapazi awiri, n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake.